Kusalowerera ndale, kusakondera kapena kusatenga mbali, tilembe liti?

Chimwemwe K:
Abale anga ndithandizeni. Tikulemba malamulo a kabungwe kathu ka achinyamata nde pali chiganizo chimodzi chomwe chatiimitsa mitu, tikufuna tinene kuti bungweli silili kumbuyo kwa chipani chilichonse, aliyense atha kulowa kaya amasapota ndani koma asabweretse zachipani mkati. Wina akuti tilembe bungwe losalowerera ndale, wina akuti ayi losakondera, wina akuti losatenga mbali pa ndale, ndipo aliyense akuti anzakewo ndi amene sakudziwa Chichewa. Kodi kusiyana kulipodi kapena tikungotaya nthawi?

Tadala:
Nzofanana basi asisi, tolani limodzi mulembe anthu amva. Chachikulu ndi ntchito yomwe mukagwire osati chiganizo

Aphunzitsi Mbewe:
Ayi Tadala mwana wanga, sizofanana, ndipo m'malamulo a bungwe mawu amodzi akhoza kudzayambanitsa anthu patsogolo, chifukwa tsiku limene wina adzafune kuchotsa mnzake pa udindo adzatsegula pepala lomwelo. Kusakondera ndi khalidwe la munthu amene ali m'kati mwa nkhani, amene wapatsidwa mphamvu yogawa kapena yoweruza. Woweruza milandu, mphunzitsi pochonga mayeso, wogawa thandizo kwa ovutika. Munthu ameneyu sangaithawe nkhaniyo, ayenera kunena kuti uyu walakwa uyu sanalakwe, chimene tikumupempha n'chakuti asayang'ane nkhope. Kusalowerera ndi kwina. Ameneyu waima panja, akuti nkhaniyi si yanga, sindinenapo kanthu. Ndiye mukuona kuti munthu akhoza kulowerera kwambiri koma osakondera, monga woweruza amene wagamula kuti chipani chakutichakuti chaphwanya lamulo. Walowerera ndithu, koma ngati watsata umboni sanakondere.

Tsono lachitatulo ndi limene ndikufuna kukuchenjezani nalo. M'Chichewa cha masiku ano kutenga mbali kwafika potanthauza kuchita nawo chinthu. Pa wailesi timamva tsiku ndi tsiku kuti amayi atenge nawo mbali pa chitukuko, achinyamata atenge mbali pa chisankho. Mukalemba kuti simutenga mbali pa ndale, wina adzamva kuti simukhala kumbali ya chipani, koma wina adzamva kuti mamembala anu asakalembetse, asakavote, asapezeke pa msonkhano uliwonse. Sindikhulupirira kuti ndi zimene mukufuna.

Chimwemwe K:
Eee aphunzitsi kuvota sitikuletsa ayi, ndipotu chimodzi mwa zolinga zathu ndi kulimbikitsa anzathu kukalembetsa mayina. Nde lachitatulo lagwa, atsala awiri

Dalitso92:
Ine ndimazimva mosavuta ndikaganiza za mpira. Refa ndi wosakondera, ali mgiraundi momwemo akuthamanga limodzi ndi osewera, akuimba wezulo, akupereka khadi yofiira ndipo timu yomwe wailangayo imamuda mpaka masapota kumutukwana. Wosalowerera ndi uja wabwera kudzaonera koma sakuchemerera timu iliyonse, chigoli chilowe uku kapena uko iye phee. Funso nlakuti bungwe lanu likufuna kukhala uti pa awiriwa

NaBanda:
Zimene anena aphunzitsizi ndi zenizeni ndipo si ife tokha amene tinaona kuti mawu awiriwa ndi osiyana. Ine ndine nesi ndipo pa maphunziro ena a za ngozi zogwa mwadzidzidzi tinaphunzira mfundo 7 za Red Cross zomwe anazikhazikitsa ku Vienna mu 1965, mmenemo kusakondera ndi mfundo payokha, kusalowerera ndi inanso payokha. Kusakondera kwawo nkwakuti wovulala ndi wovulala, usafunse mtundu wake, chipembedzo, dziko kapena chipani, uyambe ndi amene wavulala kwambiri ngakhale akhale mdani wa dziko lako. Kusalowerera kwawo nkwakuti bungwelo silimenya nawo nkhondo ndipo sililowa mmikangano ya ndale, ya mitundu kapena ya chipembedzo, ndipo chifukwa chake anachilemba poyera, akufuna mbali zonse zipitirize kuwakhulupirira. Nde kusakondera kumayang'ana kwa munthu amene ukumuthandiza, kusalowerera kumayang'ana kwa amene akumenyanawo. Zinayamba ndi Henry Dunant wa ku Geneva amene anaona asilikali ovulala atangosiyidwa pa nkhondo ya Solferino mu 1859, mu 1863 komiti ya ku Geneva yomwe inadzakhala Red Cross nkuyamba, mu 1864 maiko nkusaina pangano loyamba la Geneva loti ovulala ndi amene akuwasamalira atetezedwe.

Tadala:
Kaya asiyane bwanji koma ine mawu oti kusalowerera ndale amandinyansa ndikunena pano. Nthawi zambiri amene amawatchula ndi anthu oti zawo zili bwino, ali pantchito, ana awo ali pasukulu yabwino, nde akaona anzawo akuponderezedwa amati ife sitilowerera ndale. Amenewo ndi mantha basi angowapatsa dzina labwino. Maepiskopi a Katolika akanati sitilowerera ndale mu Malichi 1992 kalata yawo ija yodzudzula boma sikanawerengedwa mmatchalitchi, ndipo anawanenadi kuti alowerera ndale, anawaitana kupolisi, ena ankafuna kuwachita chipongwe, koma chaka chotsatira pa 14 Juni 1993 anthu anakaponya voti ya riferendamu nkusankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Lero tonse tikuvotera amene tikufuna chifukwa cha anthu amene anakana kukhala chete

Gogo Nachisale:
Tadala mdzukulu wanga khala pansi pang'ono ndikuuze. Si onse amene amati sitilowerera ndale amene ali amantha. Ine sindine wa Mboni za Yehova, ndimapemphera kwina, koma amene tinalipo nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa zimene anthu aja anaona chifukwa cha mawu omwewa. Ankakana kugula khadi ya chipani. Sankati tikufuna mtsogoleri wina ayi, sankayambitsa chipani chawo, msonkho ankakhoma, ankangoti ife ndale sitilowerera, khadi sitigula. Mu 1967 mpingo wawo unaletsedwa. Anamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, kuchotsedwa ntchito, ena kuphedwa, ndipo mu 1972 anthu masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique ndi ana kumbuyo. Chiletso chinadzachotsedwa mu 1993. Khadiyo inali yoti munthu wamantha akanangogula nkuika m'thumba nkumapita, monga anachitira ambiri. Ukhoza kusagwirizana nawo pa chiphunzitso chawo, inenso pali zambiri zimene sindigwirizana nawo, koma mantha ayi usawanamizire.

Tadala:
Agogo zimenezo ndazimva ndipo ndikuzilemekeza. Koma taonani, boma la nthawiyo silinawaone ngati osalowerera, linawaona ngati adani. Nde zikusonyeza kuti pamene pali chipani chimodzi kukana khadi ndi ndale kale, ufune usafune

Gogo Nachisale:
Amene anaziona ngati ndale ndi amene ankagulitsa makhadiwo. Eni ake mumtima mwawo ankamvera Mulungu wawo basi.

Aphunzitsi Mbewe:
Nonse awiri mwakhudza pamene pagona nkhani. Mawu amenewa sukhala nawo wekha, pali amene akuwanena ndi amene akuwamva. Iwe ukhoza kunena ndi mtima wonse kuti sindili mbali iliyonse, koma amene ali ndi mphamvu akafuna kuti aliyense aombe m'manja, manja ako opindawo amawawerenga ngati chipongwe.

Koma pa za maepiskopi aja Tadala ndikufuna uone bwino. M'kalata muja sanatchule chipani choti anthu achitsate, ndipo nthawiyo zipani zina zinali zosaloledwa n'komwe. Analankhula za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, za sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za ufulu wolankhula. Ndiye kodi analowerera ndale? Ngati ndale ndi mmene dziko likuyendetsedwera, inde analowerera mpaka m'khosi. Ngati ndale ndi kukweza chipani china kuti chitenge boma, ayi sanalowerere. Vuto lathu lonse lili pa mawu akuti ndale, amanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Yamikani M:
Apa aphunzitsi mwandifikitsa pomwe ndimafuna. Ine ndimagwira ntchito yomasulira ndipo mawu oti ndale amandivutitsa kuposa ena onse. Musaiwale kuti mChichewa ndale ndi ija timatcherana polimbana, kumutchera mnzako ndale kuti agwe chagada. Nde mawuwa anabwera kale ndi fungo la ukathyali, munthu akati uyu ndi wandale nthawi zambiri sakumuyamikira, akutanthauza kuti ndi wochenjera moipa, wa mawu okoma koma mkati muli zina. Chifukwa chake anthu ambiri abwinobwino amathamangira kunena kuti ine sindine wandale, ine za ndale ayi, pomwe munthu yemweyo tsiku lonse akudandaula za mankhwala osowa mchipatala, za msewu, za ana ophunzirira pansi pa mtengo, za katangale. Zonsezo ndi ndale zenizeni, zokhudza mmene chuma cha tonse chikugawidwira. Chimene akukana iyeyo ndi zachipani. Nde ine ndikamamasulira chikalata cha bungwe ndimafunsa kaye eni ake kuti mukutanthauza chiyani, simulankhulapo pa za boma, kapena mumalankhula koma simuli a chipani? Ambiri amayankha chachiwirichi. Pamenepo ndimalemba kuti losalowerera ndale za zipani, kapena losakhala mbali ya chipani chilichonse. Ndi lalitali inde koma silinamiza munthu

Chimwemwe K:
Achimwene Yamikani nanga tikati losagwirizana ndi chipani chilichonse?

Yamikani M:
Limenelo ayi achemwali. Kusagwirizana ndi munthu ndi kutsutsana nayenso, nde wowerenga adzamva ngati mukulimbana ndi zipani zonse. Losakhala mbali ya chipani chilichonse ndi lomveka, kenako muonjezere chiganizo china chonena poyera kuti bungweli lili ndi ufulu wolankhulapo pa nkhani zokhudza achinyamata posatengera kuti akulamula ndi ndani, ndipo potumikira anthu silidzakondera. Mukatero kusakondera kwalowa pamalo pake, zachipani zatsekeredwa panja, pakamwa panu sipanatsekedwe

Chimwemwe K:
Zikomo kwambiri, ndatenga limenelo ndikawaonetse anzanga

Dalitso92:
Ine ndifunseko zina poti akatswiri muli pano. Pankhani zakunja timamva kuti Switzerland ndi dziko losalowerera nkhondo, koma ndinamvanso kuti ali ndi asilikali ndipo anyamata amakakamizidwa kupita ku usilikali. Nde kusalowerera kwake kuli pati?

Aphunzitsi Mbewe:
Funso labwino. Kusalowerera kwa dziko si kukhala opanda mfuti. Switzerland inavomerezedwa ndi maiko akuluakulu a ku Ulaya mu 1815 kuti sidzakhala mbali ya wina aliyense pa nkhondo zawo, ndipo lonjezo lake n'lakuti sidzamenya nawo nkhondo za ena, sidzapereka asilikali kapena malo ake kwa omenyanawo. Koma wina akaiputa idzadziteteza, n'chifukwa chake ili ndi asilikali. Inasamala mawu amenewa mpaka inachedwa kulowa m'bungwe la United Nations, inalowa mu 2002 anthu ake atavota, ngakhale maofesi ambiri a bungwelo anali kale ku Geneva. Austria nayo inalemba kusalowerera m'malamulo ake mu 1955 asilikali a maiko anayi amene ankailamulira nkhondo yachiwiri itatha atachoka.

Kondwani wa Nkhani:
Koma aphunzitsi onjezani kuti mu 2022 Russia italowa mu Ukraine, Switzerland yomweyo inatsatira zilango za chuma zomwe European Union inaika pa Russia. A ku Moscow anati basi simulinso osalowerera, a ku Bern, likulu la Switzerland, anati ayi sitinatumize msilikali, lamulo la kusalowerera limakamba za nkhondo osati za mabanki. Mkangano womwe uja wa agogo ndi Tadala, mwini mawu akuti sindili mbali, winayo akuti uli mbali. Ndipo Finland ndi Sweden omwe anakhala zaka zambiri kunja kwa migwirizano ya nkhondo anaona kuti zinthu zasintha, Finland inalowa NATO mu Epulo 2023, Sweden mu Malichi 2024. Nde kwa maiko kusalowerera si chikhulupiriro ngati cha Mboni zija, ndi njira yodzitetezera, ikasiya kugwira ntchito amaisiya

Dalitso92:
Nanga aja ankati maiko osakhala mbali nthawi ya America ndi Soviet Union, ndi chimodzimodzi?

Kondwani wa Nkhani:
Ayi amenewo ndi ena ndipo ndi chitsanzo chabwino cha zomwe a Yamikani amanena. Anakumana ku Belgrade mu 1961, atsogoleri ngati Tito wa Yugoslavia, Nehru wa India, Nasser wa Egypt, Nkrumah wa Ghana ndi Sukarno wa Indonesia, maganizo ake atayambira ku msonkhano wa Bandung mu 1955. Iwowa sankati tikhala chete ayi, pa za utsamunda ndi tsankho la ku South Africa ankalankhula mokweza kwambiri. Chimene ankakana ndi kumangiriridwa ku Washington kapena ku Moscow. Nde osakhala mbali koma olankhula. Ukawatchula kuti osalowerera ndale wawanamizira chifukwa ndale za dziko lonse anali mkati mwake mwenimweni

Tadala:
Nde amenewo ndi amene ine ndingawatsate. Osagulidwa koma osatseka pakamwa

Mai a Thoko:
Ndakhala ndikungowerenga koma ndiloleni ndiikepo langa. Pali mawu ena omwe simunawatchule omwe ife timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kuima pakati. Ndipo pakati pamenepo pamaima anthu awiri osiyana kwambiri. Pali mkhalapakati, amene onse okangana amuvomereza kuti atiyanjanitse, ameneyo ndi waulemu ndipo ntchito yake ndi yolemetsa chifukwa akangopendekeka pang'ono zokambirana zatha. Ndiye pali nthirakuwiri, amene kuno akuti ndili nanu, uko akuti ndili nanu, akudikira aone amene apambane kuti adzati ndinali wanu kuyambira kale. Onsewa ukawafunsa amati ine sindili mbali iliyonse. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa koma pa ndale ine ndaona anthu a mapanga awiri akutuluka ouma bwinobwino, boma lililonse likabwera iwo ali kutsogolo. Ndikuganiza kuti amene akumunyansa Tadala ndi amenewa, osati aja anena agogo

Tadala:
Mai mwandilankhulira. Ndi amenewo ndendende

NaBanda:
Nde tingawasiyanitse bwanji poti onse mawu ndi amodzi?

Mai a Thoko:
Ine ndimaona chimene munthu wataya. Amene akukana mbali zonse moona mtima amatayapo kanthu, mbali zonse zimamukayikira, mwayi umamudutsa, pena amatukwanidwa uku ndi uku. Nthirakuwiri sataya kanthu, amalandira uku ndi uku

Dalitso92:
Nanga phungu woima payekha? Poti alibe chipani timuika pati

Yamikani M:
Ameneyo ndi wandale wathunthu achimwene, wachita kampeni, wapempha mavoti, akukakhala mnyumba ya malamulo kuvotera mabilu. Kuima payekha kukungonena kuti sanaimire chipani pa chisankho, sikunena kuti alibe mbali, ndipo tonse timaona kuti ambiri akangopambana amakapezeka akugwira ntchito ndi chipani china. Amene amayenera kukhala wosakondera mnyumba muja ndi sipikala. Ku Britain sipikala akasankhidwa amatuluka mchipani chake ndipo savota pokhapokha mavoti akafanana. Nde onani mawu atatu pamalo amodzi, woima payekha, wosakondera, wosalowerera, anthu atatu osiyana

Bambo Chirwa:
Ine ndinagwira ntchito m'boma mpaka kupuma ndipo nkhani iyi ndi imene tinkakhala nayo tsiku lililonse. Malamulo aakulu a dziko lino ali ndi gawo 193 lonena za ogwira ntchito m'boma, kuti zochita zawo pa ndale zisasokoneze kagwiridwe kawo ka ntchito mosakondera, ndipo gawo 158 limanena za apolisi kuti asagwiritsidwe ntchito ndi chipani. Sakunena kuti wantchito wa boma alibe maganizo kapena asavote. Ine ndinkavota chisankho chilichonse ndipo mumtima ndinali ndi amene ndinkamufuna. Chimene chimafunika n'chakuti munthu akabwera pa tebulo lako ndi fomu yake, asadziwe kuti unavotera ndani poona mmene wamuthandizira. Ndipo nduna ikasintha, iwe umatumikira yatsopanoyo ndi mphamvu zomwe unkatumikira nazo yakaleyo. Si kuno kokha, ku America ali ndi lamulo la Hatch Act la 1939 loletsa antchito a boma kuchita kampeni ali pa ntchito. Chovuta chimene ndinaona ine n'chakuti ukamakana kuchita zachipani mu ofesi, akuluakulu ena amakutenga ngati wa chipani chotsutsa, ndipo boma likasintha obwerawo amakutenganso ngati wa aja achoka chifukwa unkagwira nawo ntchito. Umakhala wolakwa kawiri. Koma ndikanenabe kwa achinyamata amene mukulowa m'boma kuti njira ndi yomweyo, chifukwa chipatala ndi sukulu zikayamba kufunsa khadi ya chipani tabwerera kumene anakamba agogo kuja.

Gogo Nachisale:
Zoona bambo. Amene sanaone nthawi yofunsidwa khadi pokwera basi ndi polowa mumsika sangamvetse.

Kondwani wa Nkhani:
Kwathu ku utolankhani mawu omwe timalimbana nawo ndi kusakondera, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti kusakondera ndi kupatsa mbali zonse mizere yofanana basi. Ayi. Wina akanena kuti ndalama zinafika ku ntchito yakutiyakuti, wina akuti sizinafike, ntchito yanga sikungolemba kuti uyu wati uyu wati nkupita kunyumba, ndiyenera kukafufuza mapepala ndione ngati zinafikadi. Ndikapeza kuti mmodzi akunama nkulemba, a mbali yakeyo amati mtolankhani uyu ndi wokondera, wagulidwa. Koma ndikanabisa zomwe ndapeza pofuna kuoneka wapakati, pamenepo ndi pomwe ndikanakondera wabodzayo. Muyeso wake ndi woti mawa akanama wa mbali inayo ndidzalembanso chimodzimodzi ndi ukali womwewo

Tadala:
Nde mwaona a NaBanda, ngakhale atolankhani akuti kukhala chete ndi kukondera. Red Cross yanu ija ikaona anthu akuphedwa imangoti ife sitilowerera?

NaBanda:
Funso limenelo ndi lowawa ndipo eni ake akhala akulimbana nalo zaka zambiri, sindikubisira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komiti ya ku Geneva inamva za kuphedwa kwa Ayuda mmisasa ya Nazi, mu 1942 anakambirana zoti alankhule poyera koma anasankha kusatero poopa kuti atsekeredwa njira yofikira akaidi a nkhondo omwe ankawathandiza. Patapita zaka bungwelo linavomera lokha kuti pamenepo linalephera. Kenako pa nkhondo ya Biafra ku Nigeria, 1967 mpaka 1970, madokotala ena a ku France omwe anapita kukathandiza, mmodzi mwa iwo Bernard Kouchner, anakwiya ndi lamulo la Red Cross loti asalankhule zomwe akuona, ndipo mu 1971 anali mgulu lomwe linayambitsa Médecins Sans Frontières, madokotala opanda malire aja, omwe amachiza aliyense mosakondera koma amati zikafika poipa tidzanena zomwe taona. Nde ngakhale pakati pa othandiza anthu pali magulu awiri, onse osakondera, koma pa kusalowerera amasiyana muyeso.

Koma Tadala mvetsanso mbali inayi. Nelson Mandela ali mndende ya pachilumba cha Robben Island nthumwi za Red Cross zinkaloledwa kulowa kukaona akaidi, kumva madandaulo awo nkukakambirana ndi akuluakulu a ndende za zakudya, zovala, makalata ndi chithandizo cha mankhwala, ndipo zinthu zina zinasinthadi. Boma la tsankho lija linkawalola chifukwa linkadziwa kuti sakatuluka nkukaitanitsa msonkhano wa atolankhani. Akanakhala olankhula ngati mmene ukufunira iwe, pachipata paja sakanadutsa, ndipo mkaidi wodwala mkatimo sakanaonedwa ndi wina aliyense wakunja

Tadala:
Ndikumva asisi koma amene anamutulutsa Mandela mu 1990 si amene ankamubweretsera mabulangete. Ndi amene anaguba mmisewu, amene anakana kugula katundu wa South Africa, maiko omwe anaika zilango, ana asukulu a ku Soweto mu 1976. Onse akanakhala osalowerera akanafera mndende momwemo

NaBanda:
Sindikukana ndipo palibe amene akuti onse akhale osalowerera. Dziko lonse litakhala Red Cross palibe chingasinthe. Koma pa zaka 27 zimene anakhala mndendezo panafunikanso wina woti azitha kulowa mkatimo nthawi imene oguba aja sankaloledwa ngakhale kuyandikira pachilumbapo. Ine ndikakhala pa ntchito usiku nkubwera anthu awiri ovulala pa zipolowe za kampeni, wina malaya a mtundu uwu wina a mtundu uwo, ndimayamba ndi amene akutaya magazi kwambiri ndipo sindifunsa kuti anayamba ndani. Ndikavula yunifolomu ndili ndi maganizo anga ndipo pa tsiku lovota ndimapita mmawa kwambiri

Bambo Chirwa:
Kondwani, pa za maiko paja munasiya chimodzi. Mu Malichi 2022 ku United Nations maiko 141 anavota kudzudzula Russia, 5 anakana, 35 sanavotere mbali iliyonse, ndipo mwa amenewa munali South Africa, India ndi China. Kodi pa wailesi mumawatchula bwanji amenewa? Ndinamva wina akuti anakana kuvota, ine ndinaona ngati sizikukwana.

Kondwani wa Nkhani:
Sizikukwanadi bambo chifukwa analipo mchipindamo ndipo anadina batani lawo, pali ena omwe sanavote nkomwe ndipo amenewo amawerengedwa padera. Ine ndimalemba kuti anavota kuti sali mbali iliyonse. Ndi voti ndithu, imalembedwa, ndipo akazembe a mbali zonse ziwiri amaiwerenga nkudziwa kuti mawa akakambe ndi ndani

Yamikani M:
Ine ndimalemba kuti anadziletsa kuvomereza kapena kukana, koma lanulo ndi lalifupi ndipo likumveka bwino pa wailesi. Lokhalo loti anakana kuvota tilisiye chifukwa omvera amalisokoneza ndi aja 5 omwe anavota kuti ayi